Mtsempha wa ACL ukaduka: ntchito ya dokotala wa mafupa ndi miyezi 9 yotsatira

Osewera ambiri amene amaduka mtsempha wa m'bondo wotchedwa ACL sachita kuchitidwa chipongwe ndi mnzawo. Phazi limakhala litaponda nganganga, thupi n'kutembenuka, bondo n'kupindikira mkati. Pa mpira wamanja zimachitika mtsikana akadumpha n'kutera ndi mwendo umodzi wosapinda. Ambiri amamva kulira m'bondo ngati chinthu chathyoka, ndipo pakangotha maola ochepa bondo limakhala litatupa kale. Kutupa kwachangu chonchi ndi magazi amene adzaza mkati, n'chifukwa chake kuthowa ndi madzi otentha kumangowonjezera vuto. Chofunika ndi ayezi wokulunga m'kansalu kwa mphindi 15 mpaka 20, kumanga bandeji, kukweza mwendo, ndi kusabwerera m'bwalo tsiku limenelo.

Mtsempha umenewu ndi waufupi, masentimita pafupifupi 3. Uli pakatikati pa bondo, ndipo umagwira fupa la msongolo kuti lisatsetserekere kutsogolo kapena kupotoka pansi pa fupa la ntchafu. X-ray siuonetsa. Ambiri amanyengeka pamenepa: akauzidwa kuti fupa silinathyoke amangoti ndabinya chabe. Wodziwa ntchito amapinda bondo madigiri 20 mpaka 30, dzanja limodzi n'kugwira ntchafu, linalo n'kukoka msongolo kutsogolo. Mayeso amenewa amatchedwa Lachman. Msongolo ukamabwera osaima mwamphamvu kumapeto, ndiye kuti mtsempha wapita. MRI, njira ina yojambulira mkati mwa thupi, imatsimikizira, komanso imaonetsa ngati meniscus, kachinthu kofewa kokhala pakati pa mafupa awiriwa, kang'ambika nako.

Dokotala wabwino sathamangira mpeni. Bondo lotupa, losawongoka, likachitidwa opaleshoni limauma, ndipo kuliwongola pambuyo pake ndi chintchito. Choyamba ndi mafizo kwa masabata angapo, mpaka kutupa kuphwe, mwendo uziwongoka wonse, munthu aziyenda osatsimphina. Chimene chimafulumizitsa zinthu ndi meniscus yong'ambika imene yatsekereza bondo kuti lisawongoke.

Pa opaleshoni yodziwika kwambiri, mtsempha wodukawo sausoka. Amaika wina wotengedwa m'thupi la mwiniwake. Ena amatenga mitsempha iwiri ya kuseri kwa ntchafu, semitendinosus ndi gracilis, n'kuipinda kuti ikhale minayi. Ikachepera mamilimita 8 kunenepa kwake, imaduka msanga, makamaka mwa achinyamata. Ena amadula gawo lapakati la mtsempha wa pansi pa kafupa kakutsogolo kwa bondo, pamodzi ndi tizidutswa ta fupa mbali zonse ziwiri. Umenewu umagwira zolimba chifukwa fupa limalumikizana ndi fupa linzake, koma ena amatsala akumva ululu akamagwada. Kudzera m'timabowo ting'onoting'ono amalowetsa kamera, n'kuboola njira m'fupa la ntchafu ndi la msongolo, kukokeramo mtsempha watsopano, n'kuumanga ndi sikuluwu kapena kabatani kachitsulo. Luso lonse lili pa malo oboola. Bowo likasemphana ndi pamene panali mtsempha wakale, bondo limapitiriza kugwedera kapena limakana kupinda, ngakhale munthu alimbikire mafizo chotani.

Gawo limene limandidetsa nkhawa kwambiri ndi la pambuyo pake. Pa miyezi itatu ululu umakhala utatha, bala lapola, wosewera akuyenda bwinobwino, ndipo mphunzitsi wayamba kufunsa kuti abwera liti. Koma m'masabata 6 mpaka 12 oyambirira ndi pamene mtsempha woikidwawo umafooka, chifukwa thupi limakhala likuumanga mwatsopano, magazi akuyamba kumene kulowamo. Bondo limaoneka labwino mkati musanalimbe. Kuthamanga molunjika kumayamba pa miyezi 3 kapena 4, ngati palibe kutupa. Kukhota ndi kudumpha kumabwera mochedwerapo. Kafukufuku amene Hege Grindem ndi anzake anasindikiza mu 2016 anapeza kuti mwezi uliwonse umene wosewera wadikira, mpaka kufika miyezi 9, unkachepetsa ndi theka mwayi wovulalanso bondo. Ndipo kalendala payokha siikwanira: minofu yakutsogolo kwa ntchafu ifike pa 90 peresenti ya mphamvu za mwendo winawo, ndipo munthu azitha kudumpha ndi mwendo umodzi n'kutera bondo osapindikira mkati.

Mwai Kumwenda anaduka mtsempha womwewu mu 2018 akusewera mu Melbourne Vixens ku Australia. Anakhala pafupifupi chaka kunja kwa bwalo, ndipo mu 2020 ndi iye amene anasankhidwa kuti wasewera bwino koposa pa fainolo imene timu yake inatenga chikho. Akanati abwerere pa miyezi isanu, mwina nkhani ikanakhala ina. Atsikana ndi amayi amaduka ACL kawirikawiri kuposa amuna a masewera omwewo, motero aphunzitsi a mpira wamanja asamaone ngati kutaya nthawi kuphunzitsa katereredwe, mawondo atapinda ndipo atayang'ana kumene zala zaloza. Pa mpira wamiyendo pali ndondomeko yotenthetsa thupi popewa kuvulala yotchedwa FIFA 11+, ya mphindi 20 zokha masewera asanayambe.

Si bondo lokha limene limavutitsa osewera: phewa nalo lili ndi vuto lake. Goloboyi akagwera dzanja lotambasula, mutu wa fupa la mkono umaguluka, kawirikawiri kutsogolo, n'kung'amba mkombero wofewa wa pamene umakhala. Anzake asalikoke m'bwalo momwemo, poti pangakhale fupa lothyoka, ndipo mtsempha wopatsa mphamvu mnofu wa paphewa ungawonongeke. Kuchipatala amayamba ayesa ngati khungu la kunja kwa phewa lachita dzanzi. Mwa wosewera wa zaka zosakwana 25 phewa lotere limakonda kugulukanso, ndipo nthawi iliyonse limaperesa m'mphepete mwa fupa. Fupa likadali lathunthu, dokotala amasoka mkombero uja pa opaleshoni ya Bankart. Likadyeka kwambiri kusoka sikugwira, ndiye amachita ya Latarjet: amadula kafupa kotchedwa coracoid n'kukamanga kutsogolo ndi masikuluwu awiri. Dzanja limakhala pa lamba masabata angapo, ndipo masewera ogundana amadikira miyezi 4 mpaka 6.