Chisoso cha ku Joni

Ndafikira kwa achimwene ku Rosettenville kuno ku Joni, ndipo abale inu chisoso chilipo chambiri zedi, kuseri kwa nyumba, m'mbali mwa mpanda, bonongwe naye wangoti mbwee poti mvula kuno imagwa nyengo ngati yakwathu yomwe ija. Eni dziko nawonso amadya, amati morogo, ena imifino.

Alamu anathyola nsonga zanthete pakadimba kawo, kuwiritsa pang'ono n'kutaya madzi oyamba kuti chisawawe, kenako tomato ndi nsinjiro, nsima inatha mphika wonse. Chisoso chomwechi paja agogo ankafikisa masamba ake n'kufinyira pabala tikadzicheka ndi chikwanje.

Mawa lake tikuyenda ndaona bonongwe wonenepa m'mbali mwa msewu ndati ndithyoleko, achimwene anandigwira mkono. "Iwe, kuno si kumudzi, zapamsewu sitidya." Iwo amagwira ya m'gadeni ndiye amadziwa mmene mabwana amapoperetsa mankhwala opha udzu m'mipanda monse, udzu umaoneka bwinobwino masiku angapo usanafote, iwe n'kuthyola osadziwa. Kuonjezera apo agalu, utsi wa magalimoto ndi madzi a m'masuweji ophulika. Koma chinandiopsa kwambiri ndi milu yachikasu ija mumaiona popita ku Soweto, cha ku Riverlea uko. Si mapiri ayi, ndi dothi lotsala m'migodi ya golide amene anayamba kukumbidwa mu 1886, muli uranium ndi zitsulo zina zapoizoni, mphepo ikawomba fumbi lake limagwera m'makomo mwa anthu ndipo masamba omera chapafupi sangakhale abwino olo awoneke obiriwira bwanji.

Pamalo ena opanda nyumba anandionetsa Datura, kamtengo ka maluwa oyera ngati lipenga ndi zipatso zaminga, kuno amati malpitte. Kameneko olo masamba olo njere, munthu akadya amabwebweta ngati wapenga, ena kufa kumene, ndipo kamamera malo amodzimodzi ndi bonongwe ndiye wothyola mwachisawawa atha kusakaniza. Nsatsi ziliponso, mafuta ake akuluakulu ankadzola inde koma njere mwana asatafune.

Tinadutsanso pa msika wa mankhwala azitsamba wa Faraday mtauni, mizu ndi makungwa milu milu, ine ndinangoyang'ana basi, munthu ndimamwa a BP sindingasakanize ndi zam'botolo zopanda mulingo.

Pano alamu ali kalikiliki kufutsa, ayanika pa lata kuseri, akuti ikafika Juni chisanu cha kuno chimawaula zonse ndipo mfutso ukuwavuta kupeza m'mashopu.