Njuga yoyendetsedwa ndi zigawenga: ankaba pati kwenikweni?

Teremu ino ndikuphunzira masamu owerengera mwayi, ndipo chitsanzo chimene chimabwerabwera m'mabuku athu ndi gudumu la roulette, masewera a njuga a m'makasino. Gudumu limeneli ndi limene landikokera ku mbiri ya makasino. Ndinkafuna kudziwa kuti anawayambitsa ndani, nanga magulu a zigawenga analowamo bwanji.

Tiyambe ndi masamuwo, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Gudumu la ku Ulaya lili ndi timabowo 37: manambala 1 mpaka 36, kenako ziro. Ukabetcha pa nambala imodzi n'kupambana, amakuwonjezera ndalama yako ka 35. Masewerawo akanakhala opanda wodyera mnzake, akanakuwonjezera ka 36. Kachidutswa kosowako ndiye phindu la mwini nyumba: pa ndalama 100 zilizonse zobetchedwa, iye amatsala ndi pafupifupi 2.7 masewera akachuluka. Gudumu la ku America lili ndi maziro awiri, ndiye gawo lake limafika pa 5.26. Mwini kasino safunika mwayi ngakhale pang'ono. Amangofuna anthu ambiri, ndiponso kuti asachoke msanga.

Boma la Venice linatsegula nyumba ya njuga yotchedwa Ridotto mu 1638 litaona kuti kuletsa njuga sikukuphula kanthu. Otchova ankalowa ataphimba nkhope. Nyumbayi inatsekedwa mu 1774 chifukwa mabanja olemekezeka ankasaukira momwemo.

Munthu amene wanditengera nthawi yambiri ndi François Blanc wa ku France. Asanayambe za makasino, iye ndi m'bale wake wamapasa, Louis, ankapereka ziphuphu kwa ogwira ntchito ya telegalafu kuti uthenga wa mitengo ya pamsika wa ku Paris uziwapeza ku Bordeaux anzawo asanaumve. Anagwidwa mu 1836. Kenako anapita ku Bad Homburg ku Germany, n'kukopa anthu ndi gudumu la ziro mmodzi pamene ena onse anali ndi awiri. Anachepetsa gawo lake pa kubetcha kulikonse, makasitomala anakhamukira kwa iye, ndipo analemera kuposa kale. Mu 1863 anatenga kasino ya ku Monaco, kadziko kamene kanali katangotaya madera a Menton ndi Roquebrune ndipo kanali pa mavuto a zachuma. Pofika 1869, ndalama za njuga zinali zitachuluka moti Kalonga Charles III anachotsa msonkho umene anthu ake ankakhoma. Koma mfundo imene yandikhudza kwambiri ndi iyi: nzika za Monaco siziloledwa kutchova njuga mu kasino imeneyo mpaka lero. Amene ankadziwa bwino mmene malondawa amayendera anatsekera ana awo kunja.

Ku America nkhani inadzera ku mowa. Kuyambira 1920 mpaka 1933 malamulo ankaletsa kugulitsa mowa, ndipo amene ankauzembetsa anaphunzira kuyendetsa bizinesi yaikulu mobisa, kugula apolisi ndi kusunga ndalama zosalembedwa paliponse. Mowa utaloledwanso, anafuna kwina koika luso ndi chuma chawo. Chigawo cha Nevada chinali chitavomereza njuga mu 1931, koma mabanki akuluakulu ankaopa kubwereketsa ndalama zomangira makasino. Zigawenga ndiye zinalowa pa mpata umenewo. Hotela ya Flamingo ku Las Vegas, mzinda wa ku Nevada, anaiyamba ndi Billy Wilkerson, koma ndalama zitamuthera inagwera m'manja mwa zigawenga: Bugsy Siegel, Meyer Lansky ndi anzawo. Inatsegulidwa pa 26 Disembala 1946, itadya ndalama zoposa kwambiri zimene anakonza. Pa 20 Juni 1947 Siegel anawomberedwa ku Beverly Hills, ndipo palibe amene anaimbidwa mlandu wa imfayo.

Lansky ndiye amene ankawamvetsa masamu aja. Iye ankalimbikira kuti pa tebulo pasakhale chinyengo, chifukwa wotchova akadziwa kuti akuberedwa sabweranso. Mbiri imeneyi inachititsa kuti Fulgencio Batista, wolamulira dziko la Cuba, amuitane ku Havana m'zaka za m'ma 1950 kuti akathetse kubera alendo m'makasino a kumeneko. Taganizani, boma kuitana chigawenga kuti chikakonze chilungamo cha masewera! Lansky anamangako hotela ya Riviera mu 1957, ndipo anaitaya Fidel Castro atalanda boma mu 1959.

Ndiye ankaba pati? Ku chipinda chowerengera ndalama. Kasino imalandira ndalama zapamanja usana ndi usiku, zopanda malisiti. Asanalembe m'mabuku, ankatapako gawo n'kulitumiza kwa mabwana awo ku Chicago, Kansas City ndi mizinda ina. Wobedwa anali boma, limene silinkalandira msonkho wake wonse. Palinso ena amene ndalama zawo zinaikidwa pangozi iwo osafunsidwa: madalaivala a m'bungwe la Teamsters, amene thumba lawo la penshoni linkabwereketsa ndalama zomangira mahotelawa m'nthawi ya mtsogoleri wawo Jimmy Hoffa. Izi zimandiwawa kuposa nkhani za mfuti, chifukwa anali anthu ogwira ntchito usiku wonse pamsewu akudalira kuti ukalamba wawo wasungika.

Boma linachita zake pang'onopang'ono. Komiti ya phungu wa nyumba ya malamulo Estes Kefauver inafufuza za maguluwa mu 1950 ndi 1951, Nevada inakhazikitsa bungwe loyang'anira njuga mu 1955, ndipo mu 1960 linatulutsa buku la mayina a anthu oletsedwa kuponda mu kasino iliyonse. Komabe mmene ndikuonera, chimene chinawafooketsa kwambiri ndi ndalama zazikulu kuposa zawo. Mpondamatiki Howard Hughes anayamba kugula mahotela a ku Las Vegas mu 1967, ndipo lamulo la mu 1969 linatsegulira khomo makampani ogulitsa masheya, amene mabanki sankawaopa. Milandu ya kutapa ndalama m'zipinda zowerengera ija inapitirirabe mpaka mu 1986, pamene akuluakulu ena a magulu a ku Chicago anapezeka olakwa kukhoti la ku Kansas City.