Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: Utoto wa katondo

Gawo lapitali linathera pamene ndinasiya kujambula nkhope za anthu ndi Phiri la Dedza zogulitsa kwa alendo. Chinandisiyitsa ndi miyala ya ku Chongoni, imene bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, la UNESCO, linaiika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Malo ojambulidwa kumeneko alipo 127. Zojambula zoyera, zokhudza Nyau ndi chinamwali, n'za Achewa. Zofiira n'zakale kuposa apo, amati n'za Akafula, ndipo zambiri sizionetsa munthu kapena nyama: ndi mizere yondondozana, madontho, ndi zozungulira zina m'kati mwa zinzake. Amene amati kujambula kopanda chifaniziro kunayamba ku Ulaya ndi Kandinsky, wojambula wa ku Russia, akwere phiri la Mphunzi, amodzi mwa malo amenewa, akadzionere yekha.

Kufiira kumeneko simungakupeze m'chitini cha penti, n'chifukwa chake kuyambira nthawiyo utoto ndimapanga ndekha.

Katondo mukumbe m'munsi, kupitirira dothi lakuda lapamwamba, poti lapamwambalo lili ndi mizu ndi zoola zimene zimachititsa nkhungu pansalu. Muyanikeni, mumusinje, mumusefe ndi sefa ya ufa. Kenako muthireni m'ndowa ya madzi, muvundule, mudikire mphindi imodzi kuti mchenga utsike, n'kutsanulira madzi ofiirawo m'ndowa ina. Mawa lake mupeza phala losalala pansi. Utoto wake ndi umenewo.

Pa masupuni awiri a phalali ikani supuni imodzi ya guluu woyera wa akalipentala. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Guluu akachepa, utoto ukauma umatsalira m'manja mukaukhudza. Akachuluka umanyezimira, kufiira kuja n'kuzilala. Yesani kaye pakansalu, kaume, mukapukute ndi chala. Mukamapanga utoto wakuda ndi makala osinja, makalawo amayandama osalowa madzi, koma dontho limodzi la sopo wamadzi limathetsa zimenezo.

Nsalu muikoke pafelemu, muipake penti yoyera yamadzi kawiri, apo ayi imamwa guluu yense. Katondo mupake mopyapyala, katatu kapena kanayi. Wochindikala amang'aluka pouma chifukwa dongo limakhwinyata madzi akamachoka.

Mu Juni ndi Julaye kuno ku Dedza musapake m'mawa kuli chifunga. Kukazizira kwambiri guluu sagwirana bwino, amasiya mawanga otuwa. Yambani dzuwa likakwera, ndipo nsalu igone m'nyumba.

Gawo lotsatira ndifotokoza mmene ndimayalira mizere pansalu yaikulu popanda kukopera za pamiyala ija, pakuti za chinamwali zili ndi eni ake.