Zokambirana za ku Rome ndi mfuti zomwe zinatsala

Sabata ino pa kosi yanga ya ubale wa mayiko tikuwerenga za momwe nkhondo zimathera pa zokambirana, ndipo chitsanzo chachikulu ndi Mozambique. Anzanga a ku Lilongwe amangoiona ngati nkhani ya m'buku, koma kuno ku Nsanje akuluakulu sanaiwale momwe othawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo anadzazira ku Mankhokwe. Malawi yense anasunga anthu oposa 1 miliyoni.

Joaquim Chissano, pulezidenti wa boma la Frelimo, ndi Afonso Dhlakama, mtsogoleri wa Renamo, anasainira pangano la mtendere ku Rome pa 4 October 1992, patatha zaka ziwiri akukambirana. Amkhalapakati otsogola anali a Sant'Egidio, gulu la Akatolika wamba. Zimenezi zinandikomera.

Chondiimitsa mutu ndi mfuti. Chisankho cha 1994 chitatha, asilikali a UN ananyamuka ma AK-47 ambirimbiri akadali okwiriridwa m'tchire. Mu 1995 Bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la mipingo ya Chikhristu anayamba kusinthanitsa mfuti ndi zida zogwirira ntchito. Munthu amabwera ndi mfuti yadzimbiri, n'kubwerera ndi khasu, njinga kapena makina osokera, mfutiyo n'kudulidwa zidutswazidutswa. Komatu mfuti zimenezi sizinapangidwe ku Mutarara kapena ku Morrumbala ayi, zinachokera kunja.

Mpake kuti ndinathamangira mutu wa Arms Trade Treaty, pangano la malonda a zida zankhondo lomwe UN inavomereza mu 2013 n'kuyamba kugwira ntchito pa 24 December 2014. Silimaletsa kugulitsa zida. Limangoti boma liyambe laona ngati zidazo sizikaphera anthu wamba, ndipo woonayo ndi boma logulitsa lomwelo. America, yomwe imagulitsa zida kuposa dziko lina lililonse, inasaina koma sinalikhazikitse, Russia sinalowemo n'komwe. Mayiko asanu a mipando yokhazikika ku Security Council, nthambi ya UN yoona za chitetezo, onse ali m'gulu la ogulitsa zida akuluakulu. Fisi angaweruze bwanji mlandu wa mbuzi?

Za ku Sudan nazo zimodzimodzi. America ndi Saudi Arabia anakhazika pansi mbali ziwiri zomenyana, asilikali a boma ndi gulu lankhondo la RSF, ku Jeddah mu May 2023, koma mapangano osiya kuwombana sanachedwe kusweka, zida zikulowabe ngakhale UN inaletsa kutumiza zida ku Darfur kuyambira mu 2004.

Nkhani yomwe ndiyenera kupereka Lachisanu ikufunsa ngati pangano la ku Rome linapambana. Ndilemba kuti inde, nkhondo inatha, kenaka ndiwonjezere kuti Renamo inatolanso mfuti ku Sofala mu 2013.