Musathamangire kusintha ISDone.dll

Mukuika gemu pa kompyuta, yafika pa 87 peresenti, mwadikira ola lathunthu, kenako kabokosi katulukira: "Unarc.dll returned an error code: -12". Pomwepo ambiri amathamangira kukasaka pa intaneti ISDone.dll ina, fayilo yomwe imagwira ntchito limodzi ndi Unarc.dll pomasula mafayilo a gemu opanikizidwa. Chonde abale, lekani zimenezo. Fayiloyo ilibe mlandu, ikungokuuzani kuti zomwe zamasulidwazo zalephera CRC (mayeso oona ngati fayilo yatuluka yosawonongeka), ndipo ma DLL a pa mawebusayiti osadziwika nthawi zambiri amabwera ndi mavairasi.

Yang'anani pomwe ikuimira. Ikamaima pa peresenti yomweyomweyo, ndiye kuti kachidutswa kamodzi ka mafayilo a gemuyo kanawonongeka, mwina netiweki inaduka kapena flashi yatopa. Ngati pali fayilo ya MD5 (yokhala ndi manambala otsimikizira kachidutswa kalikonse), yerekezani ndi zidutswa zomwe muli nazo, mutengenso chowonongekacho chokha osatha bandulo yonse. Kumbukiraninso kuti flashi yofomatidwa mu FAT32 silandira fayilo yoposa 4GB. Onaninso malo otsala pa disiki ya C: ndi quarantine ya antivirus, komwe imatsekera mafayilo omwe yawakayikira.

Koma ikamaima lero pa 30, mawa pa 65, kayikirani RAM, memori ya kompyuta. Dinani Windows ndi R, lembani mdsched.exe, kompyuta iyambenso iyeze RAM yake. Ikapeza zolakwika, zimitsani, chotsani RAM imodzi, muyese iliyonse payokha. Yolakwayo ikangotuluka, gemu yomweyo imalowa bwinobwino.