Kusankha mabuku owerenga pa tchuthi chachitali kuno ku Mangochi

Sukulu zikatsekera kumapeto kwa Julaye, makolo ambiri kuno ku Mangochi amathamangira kugulira ana awo timabuku ta mafunso akale a mayeso a MANEB, poopa kuti angamangoyendayenda kunyanja kapena kukakamira foni tsiku lonse. Timabuku timeneti tili ndi ntchito yake, koma ine ndikukhulupirira kuti tchuthi ndi nthawi yowerenga buku limene mphunzitsi sadzafunsapo kanthu, ndipo loyamba kusankha liyenera kukhala lokamba za dera limene wowerengayo amapondamo tsiku ndi tsiku.

Anthu ambiri timadutsa pa nsanja ya wotchi pafupi ndi mlatho wa pa Shire osaimapo n'komwe. Komatu pamenepo pali chikumbutso cha anthu 145 amene anamira pamene sitima ya Vipya inagudubuzika panyanja m'chaka cha 1946, ndiponso mfuti ya m'sitima ya Gwendolen imene inaombera sitima ya Ajeremani mu 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba. Tauni yathuyi inayamba mu 1891 ndi dzina loti Fort Johnston. Mwana amene wawerengapo mbiri imeneyi akafika pamalopo amaima n'kuyamba kufunsa mafunso, ndipo mafunso otere ndi amene amamutengera ku buku lachiwiri popanda womukakamiza.

Kwa achinyamata a ku sekondale ndi akuluakulu, ndimatchula Jack Mapanje, mlakatuli wobadwira m'mudzi wa Kadango m'boma lino mu 1944. Buku lake la ndakatulo lotchedwa Of Chameleons and Gods linatuluka mu 1981, ndipo iye anatsekeredwa ku ndende ya Mikuyu kuchokera mu 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Ndakatulo zake sizofuna liwiro. Imodzi patsiku ndi yokwanira, chifukwa mawu ake amabisa zambiri zimene nthawi imeneyo sizinkanenedwa poyera. Palinso Chiikala cha Wayao, mbiri ya Ayao imene Yohanna Abdallah analemba ndipo inasindikizidwa mu 1919. Silipezeka wamba, choncho amene ali nalo pakhomo alisunge bwino ndi kubwereketsa anthu odalirika okha.

M'Chichewa, Nthondo la Samuel Ntara, lomwe linatuluka mu 1933, ndi Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe amapatsa mwana Chichewa chokhwima, chodzaza ndi miyambi imene masiku ano tikuimva mwa apo ndi apo. Zimandipweteka mtima kuona mabuku otere akutengedwa ngati a mayeso basi, pamene amakoma kwambiri akamawerengedwa mokweza madzulo, agogo ali pomwepo kuwongolera ndi kuwonjezera zawo.

Pogula buku lakale pamsika, musakopeke ndi chikuto. Tsegulani kumapeto muone ngati masamba omaliza alipo, chifukwa nthawi zambiri ndi amene amayamba kuthothoka, kenaka muyang'ane pakati ngati chiswe kapena madzi sizinaononge zilembo. Mabuku ojambulitsa pa fotokope amatchipa, koma zilembo zake zimakhala zofufutika ndipo wolemba sapezapo kalikonse. Ngati mukugulira mwana, mutengeni mupite naye, awerenge tsamba loyamba ali chiimire. Akamakakamira pa mawu ambiri patsamba limodzi, bukulo lamukulira ndipo lidzangogona pansi pa mphasa. Akapempha kuti atembenuze tsamba, limenelo ndiye lake.

Ndalama zikavuta, mabanja oyandikana angathe kugula buku limodzilimodzi n'kumasinthana sabata ikatha. Pempho langa lalikulu likupita kwa makolo a ana aakazi: kutunga madzi, kuphika ndi kulera ang'ono ake kusamudyere mtsikana tchuthi chonse, pamene mlongo wake ali pamthunzi wa mango ndi buku m'manja. Nayenso apatsidwe ola lake lowerenga dzuwa lisanalowe, pakuti usiku magetsi sadalirika.