Ulendo wathu wa ku Market Theatre, bwalo la John Kani

Tinanyamuka anthu 14 a gulu lathu la zisudzo. Za m'njira sindichulutsa gaga m'diwa: masiku awiri pa basi, miyendo yotupa, kenaka Park Station mu Johannesburg m'mamawa kukuzizira koopsa.

Tsiku lachiwiri anatitengera ku Newtown, ku Market Theatre. Nyumbayi kale inali msika wa zipatso, ndipo Barney Simon ndi Mannie Manim ndi amene anaisandutsa bwalo la zisudzo mu 1976. Holo yaikulu anaitcha dzina la John Kani mu 2014. Titangolowa, mnyamata wathu wina anafunsa mayi amene amationetsa malowo kuti, "Amayi, ndiye kuti Black Panther anajambulira muno?" Mayiwo anaseka mpaka kugwira khoma. Ine manyazi anandigwira, koma mnyamatayo sindingamunene. Ambiri a ife a Kani tinawadziwira pa kanema ameneyu, ali mfumu T'Chaka mu 2018, imvi zili mbuu.

Mayiwo anatikhazika pamipando ndi kuyamba nkhani kuchiyambi. A Kani anakulira ku New Brighton, ku Port Elizabeth. Masana ankagwira ntchito pafakitale ya galimoto ya Ford, madzulo n'kumachita zisudzo ndi gulu la Serpent Players. Iwowo, Winston Ntshona ndi Athol Fugard anapanga Sizwe Banzi Is Dead mu 1972, nkhani ya munthu wotenga chitupa cha mnzake wakufa kuti aloledwe kugwira ntchito m'tauni. Chaka chotsatira anapanga The Island, ya akaidi awiri a ku Robben Island, John ndi Winston. Mu 1975 a Kani ndi a Ntshona analandira mphoto ya Tony ku New York. Mu 1976 anthu omwewo anamangidwa ku Transkei chifukwa cha sewero lomwe lija la chitupa. Kunja kuwaombera m'manja, kwawo kuwatsekera m'chitokosi. Ndipo mu 1987, tsankho likadali pachimake, a Kani anasewera Othello pabwalo lomwe tinakhalapolo, mkazi wawo m'seweromo ali mzungu.

Chimene chinandikhudza kwenikweni chinachitika masana, ku Market Theatre Laboratory, sukulu imene a Kani ndi a Simon anayambitsa mu 1989. Atcheya athu anali atayamba kale kudandaula, monga mwa masiku onse, kuti ife tilibe magetsi a pasiteji, tilibe zovala, tilibe wotithandiza. Mphunzitsi wa pasukulupo sanawayankhe. Anangoti tivule nsapato. The Island imayamba ndi akaidi awiri akukumba mchenga, uyu kukathira pamene mnzake wakumba, mnzakeyo chimodzimodzi, popanda fosholo, popanda wilibala, popanda mawu. Anatiuza kuti tichite zomwezo, awiriawiri.

Ndinkayesa ndi masewera. Patangopita mphindi zochepa malaya anali atanyowa, msana ukuwawa, pomwe m'manja mulibe kanthu. Mphunzitsiyo anandiimitsa katatu. "Bambo, fosholo yanu ndi yopepuka. Mchenga wonyowa sunyamulidwa choncho." Kachitatu ndinapsa mtima ndithu, zaka zonse ndachita zisudzozi, koma nditayang'ana mnzanga ndinaona kuti iye wilibala yake ikulemeradi, mitsempha ya m'khosi ili tong'o, ndipo yanga inali mphepo chabe. Atcheya anakhala pansi osamaliza. Za magetsi sanazitchulenso tsiku limenelo.

A Kani enieniwo sitinakumane nawo, ndipo ena m'gulu anakhumudwa chifukwa anali atakonzekera mafoni. Tinangojambulitsa pakhomo la holo ya dzina lawo. Pobwerera, mnyamata wa funso uja anabwereka kabuku ka The Island kamene ndinagula, ndipo pofika pa Beitbridge anali atasankha kale kuti iye adzakhala Winston. Wa John sanapezeke, chifukwa onse amene anakumba nawo mchenga anakhala ngati akugona.